Kupalasa choimirira pa nyanja m'nyengo ya mwera

Mwezi wa July ukafika, mzinda wa Blantyre umafunda nkhungu. Chiperoni chimalowa kuchokera kum'mwera chakum'mawa, kudutsa m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo, n'kudzakhazikika pa Bangwe, pa Soche ndi pa Ndirande mpaka mapiriwo osaonekanso. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mitamboyi imatulukira. Si mvula yoti munthu n'kuthawira pakhonde ayi. Ndi kamvula kowaza, kosakata, kamene kamasunga zovala pachingwe masiku atatu zisanaume. Mumsika wa Limbe ogulitsa kaunjika amaika majuzi ndi zipewa pamwamba pa mulu, ndipo mu Victoria Avenue anthu amayenda atakweza mapewa, manja ali m'matumba, aliyense akuthamangira pamene pali denga.

Nyengo imeneyi imatikhazika pansi. Munthu amatsika pampando wa minibasi ku Mibawa, n'kukakhala pampando wa mu ofesi tsiku lonse, madzulo n'kukakhalanso pafupi ndi mbaula. Kuyenda kwa m'mamawa kumene tinalonjeza chaka chikuyamba kumayamba kudikira kuti dzuwa lidzatuluke kaye. Chimene chimachuluka ndi chakudya: mandasi, tchipisi cha pachiwaya, zakumwa zotentha zothira shuga masupuni atatu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu uliwonse. Mu July wa ku Blantyre mphindi zimenezi zimasowa ngati ndalama pakati pa mwezi.

Mzinda wathu ulibe gombe. Mtsinje wa Mudi, umene umadutsa pakati pa tauni, wanyamula zinyalala za m'mafakitale ndi za m'misika moti palibe kholo lingalole mwana kuviikamo phazi. Damu la Mudi ndi la madzi akumwa. Wofuna madzi oti apalasepo ayenera kutsikira ku nyanja, ulendo wa makilomita pafupifupi 250 kukafika ku Monkey Bay. Chimene anthu a m'tauni ambiri sitidziwa n'chakuti mphepo imene imatibweretsera chiperoni kuno kumapiri ndi yomweyo imene ku nyanja amaitcha mwera. Kuno imanyowetsa zovala. Kumeneko imagubuduza mabwato.

Chimene chinanditengera ku nyanja m'nyengo yotereyi ndi masewera amene ayamba kuoneka m'magombe a alendo. Munthu amaimirira pa thabwa lalitali pafupifupi mamita atatu, lotambalala ngati chitseko cha nyumba, n'kumapalasa ndi nkhafi imodzi yaitali kuposa msinkhu wake. Azungu amalitcha stand-up paddleboard, ena amangoti SUP. Matabwa ena ndi olimba, ena ndi opopa mpweya, oti ukaphwetsa umapinda n'kuika m'chikwama. Kunsi kwake kuli chipsepse chonga cha nsomba chothandiza kuti liziyenda mowongoka, ndipo kumbuyo kuli chingwe chimene wopalasa amamanga m'kakolo. Masewerawa anakulira ku Hawaii, kumene anyamata ophunzitsa alendo kusewera pa mafunde ku gombe la Waikiki ankaimirira pa matabwa awo ndi nkhafi kuti aziona bwino ophunzira awo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anafalikira padziko lonse. Mu 2017 Chris Bertish wa ku South Africa anafika pachilumba cha Antigua atapalasa choimirira masiku 93 kuchokera ku Agadir, m'dziko la Morocco, kuoloka nyanja yamchere ya Atlantic pa chombo chomupangira mwapadera.

Koma tisafulumire kunena kuti kupalasa choimirira n'kwachilendo. Amene anatsikirako ku doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa anaona amuna ataimirira m'bwato akukankha ndi nsungwi yaitali, popeza nyanjayo ndi yosaya. M'madambo a ku chigwa cha Shire amatero. Ku Zambia, pa mwambo wa Kuomboka, amuna ambirimbiri amapalasa bwato la mfumu ya Alozi, Nalikwanda, ali chiimire. Chachilendo ndi thabwalo, ndiponso maganizo akuti munthu angapalase popanda kumene akupita, popanda ukonde, pongofuna kuti thupi ligwire ntchito.

Minibasi za ku Mangochi zimanyamuka ku Limbe zikadzaza. Msewu umadutsa pa Njuli, pa Namadzi ndi pa Thondwe, mawindo ali otseka, anthu atafunda zitenje. Zomba nayenso amakhala atabisa phiri lake. Koma mukangodutsa Domasi ndi Malosa n'kuyamba kutsetsereka kulowera ku Liwonde, dziko limasintha mofulumira. Blantyre ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 474. Kutsika kumeneko thupi limakumva: wina amavula chipewa, wina juzi, mwana amene analira njira yonse amagona. Milambe imayamba kuoneka, yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Mumaoloka Shire pa Liwonde, kudutsa Ulongwe, n'kumaona nyanja ya Malombe ikung'anima kudzanja lamanja.

Pa Mangochi ndikulangiza kuti mutsike pang'ono, ngakhale mukufulumira. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo pambali pake pali mwala wokumbukira anthu 145 amene anafa sitima ya Vipya itamira. Zinachitika pa 30 July 1946, kumpoto kwa nyanja, chakufupi ndi Chitimba, pa namondwe. Tsikulo liyang'aneni bwino: ndi mwezi womwe uno, nyengo yomwe ino. Sitimayo inali yachitsulo, yatsopano, ya injini. Amene akupita kukaimirira pa thabwa la mpweya ndi bwino ayambe waima pamwala umenewu.

Kuchoka pa Mangochi msewu umalowera ku Monkey Bay, kumene eni dera amati Lusumbwe, kwawo kwa sitima ya Ilala imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Musanalowe m'tauniyo pali mphambano yokhotera kumanzere, ndipo makilomita pafupifupi 18 okhotakhota m'mapiri amakufikitsani ku mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear. M'njiramo muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere ngati mphini za agogo athu. Derali lili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala timene sitipezeka kwina kulikonse. Dzina la Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Amishoni a Livingstonia anayamba ntchito yawo pano mu 1875, koma malungo anawathamangitsa, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Manda a ena mwa iwo alipobe m'munsi mwa phiri.

Chembe ndi mudzi wautali wotsata gombe. Malo ogona alendo ali mkati mwa mudzi momwemo, moti pakati pa mpanda wa alendo ndi wina pali amayi akutsuka mbale, ana akusambira, ndi matandala a usipa akuuma padzuwa. Kutsogolo kuli chilumba cha Thumbi, chapafupi moti mitengo yake imawerengeka. Kudzanja lamanja kuli Domwe, chilumba chachitali chimene chinalekana ndi mtunda ndi kampata kakang'ono. Kutali, ngati kadontho, kuli Mumbo. M'mawa wa mu July, dzuwa likamatuluka cha m'ma 6 koloko, madzi apa amakhala bata ngati mafuta m'mbale.

Ena mwa malo ogonawa amabwereketsa matabwa ndi mabwato apulasitiki pa ola. Mnyamata amene anatiphunzitsa, wobadwira m'mudzi momwemo, sanataye nthawi ndi mawu ambiri. Anati tiyambe chogwada pakati pa thabwa, pamene pali chogwirira, tipalase mpaka madzi afike poti munthu akagwa asagunde mchenga kapena mwala. Kenako manja pansi, phazi limodzi, phazi linalo, mapazi motalikirana ngati mapewa, mawondo opinda pang'ono. "Bambo, musayang'ane mapazi anu," anatero. "Yang'anani Thumbi. Mukayang'ana madzi mupita m'madzi." N'zoona. Miyendo imanjenjemera mphindi zoyambirira ngati ya mwana wa mbuzi wongobadwa kumene, ndipo pafupifupi aliyense amagwa. Ana a m'mudzi, amene amayendetsa bwato asanayambe sukulu, amaseka mosabisa.

Kunjenjemerako kukatha, munthu amayamba kumva chimene thupi likuchita. Zala za kumapazi zimagwira thabwa. Minofu ya m'mimba ndi ya kumsana, imene pampando wa mu ofesi imagona tulo, imadzuka yonse. Nkhafi sukoka ndi mikono yokha. Umailowetsa kutsogolo, n'kupotoza chiuno ndi mapewa, ngati mmene wodziwa kulima amagwetsera khasu ndi thupi lonse osati ndi manja okha. Mawondo sapweteka monga achitira pothamanga pa tala, n'chifukwa chake ngakhale achikulire amatha. Ndipo pali phindu lina limene sitiliganizira tikadali anyamata: kudziwa kuima osagwa. Munthu akamakalamba luso limeneli limachepa, ndipo kugwa m'bafa kapena pakhonde n'kumene kwathyola chiuno agogo ambiri. Luso lotere limakula ukamaligwiritsa ntchito.

Zina zimene Mayi Ellen White anazitchula m'buku la The Ministry of Healing la 1905 monga mankhwala achilengedwe zili pomwepo zonse nthawi imodzi, mpweya wabwino, dzuwa, madzi ndi kulimbitsa thupi, popanda wokukakamiza. Ukaimirira umaona pansi pa madzi bwino kuposa wokhala m'bwato. Chakufupi ndi miyala ya ku Otter Point mbuna zabuluu ndi zachikasu zimadutsa pansi pa mapazi ako. Nkhwazi imalira pamtengo, mutu itaugonekera kumbuyo. Palibe injini, palibe hutala. Munthu wa ku Ndirande kapena ku Mbayani, amene khutu lake linazolowera phokoso kuyambira 4 koloko m'mawa, amayamba wadabwa ndi chete ameneyu.

Tsono apa m'pamene pali msampha wa gombe limeneli, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo. Mwera umaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, makamaka kuyambira May mpaka August, ndipo umatha kuomba masiku angapo osaleka. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita opitirira 560, yogona kuchokera kum'mwera kupita kumpoto, choncho mphepo imakhala ndi bwalo lalitali lokankhira madzi, ndipo mafunde amakula akamapita kumpoto. Magombe oyang'ana kumene mphepo ikuchokera amachenjeza okha: mafunde amaswekera pamchenga, phokoso lake limamveka usiku wonse, palibe amene angaganize zolowamo ndi thabwa. Chembe ndi wosiyana. Gombe lake layang'ana kumpoto chakumadzulo, ndipo mapiri ali kumbuyo kwake. Mwera umadumpha mapiriwo n'kukagwera pamadzi chapatali. M'mphepete madzi amaoneka ofatsa tsiku limene pakati pa nyanja pali nkhondo. Ndipo mphepoyo ikuomba kuchokera kumtunda kupita kunyanja.

Munthu woimirira pa thabwa ali ngati thanga la ngalawa. Thupi lake lonse limagwira mphepo, pamene thabwalo, lopepuka ndi losalowa m'madzi, lilibe chogwira. Popita zonse zimakoma: ukupalasa pang'ono koma ukuthamanga, n'kumadziyesa katswiri. Ukatembenuka kuti ubwerere m'pamene umazindikira kuti amakuyendetsa ndani. Ukapalasa katatu thabwa limasuntha kamodzi, ukapuma limabwerera m'mbuyo, ndipo pamene ukutalikira m'pamenenso mphepo ikukulira chifukwa watuluka mumthunzi wa phiri. M'maiko a ku Ulaya opulumutsa anthu panyanja amachenjeza za mphepo yochokera kumtunda kuposa china chilichonse pa masewerawa. Kwathu kuno kulibe boti lokhala tcheru kudikira kuti likutole.

Owerenga Baibulo nkhaniyi akuidziwa kale. Pa Machitidwe 27, Paulo ali wandende anachenjeza kuti nyengo yoyenda panyanja yatha, ndi bwino akhale padoko pamene anali, pachisumbu cha Krete. Kenturiyo anamvera woyendetsa ngalawa ndi mwini wake. Chimene chinawanyenga sichinali namondwe ayi, koma kamphepo kofatsa kamene kanayamba kuomba, nayesa kuti zawayendera. Ankangofuna kusuntha pang'ono, motsata gombe, kukafika padoko lina la chisumbu chomwecho. Posakhalitsa mphepo yamkuntho inatsika kuchokera kumtunda, niwachotsa kugombe, ndipo anatengeka masabata awiri mpaka ngalawa inakasweka ku Melita. Anthu onse 276 anapulumuka, ndipo pali kachinthu kamene ndimakakonda kumapeto kwa mutuwo: amene sankadziwa kusambira anafika kumtunda atagwira matabwa ndi zidutswa za ngalawa.

Langizo limeneli silinasinthe. Mphepo ikakupeza, usasiye thabwa n'kuyamba kusambira, ngakhale gombe likuoneka pafupi. Thabwa limayandama, silitopa, ndipo limaoneka patali kuposa mutu wa munthu pakati pa mafunde. N'chifukwa chake chingwe cha m'kakolo si chokongoletsera: ukagwa wopanda chingwe, mphepo imalitenga thabwalo mofulumira kuposa mmene ungasambirire. Gwada kuti uchepetse thupi logwira mphepo. Zikakanikabe, gona chafufumimba, nkhafi uyiike pansi pa chifuwa, upalase ndi manja. Jekete loyandamitsa livalidwe ndi kumangidwa, osati kuikidwa kutsogolo kwa thabwa ngati katundu. Wobwereketsa amene alibe majekete ndi zingwe musiyeni ndi thabwa lakelo. Ndipo ulendo uziyamba molimbana ndi mphepo, motsata gombe, kuti pobwerera, mphamvu zitatha, ikhale yokuthandiza.

Nthambi ya boma yoona zanyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre konkuno, imalengeza pa wailesi mwera ukamabwera, ndipo uthengawo ndi wofunika kuumvera musananyamuke. Koma mukafika, funsani asodzi. Iwo amawerenga zimene ife sitiona: mtundu wa madzi kuseri kwa Thumbi, mzere wakuda patali pamene mphepo yagwera, timafunde toyera kumutu, mmene mitambo yakhalira pamwamba pa mapiri. Amasiyanitsa mwera ndi mpoto wochokera kumpoto ndi vuma wochokera kum'mawa monga ife timasiyanitsira minibasi ya ku Chilomoni ndi ya ku Chirimba. Chizindikiro chosavuta kwa mlendo ndi ichi: ngati mabwato ali gonegone pamchenga nthawi imene amayenera kukhala pamadzi, amuna akusoka maukonde pansi pa mtengo, tsikulo si lanu. Kawirikawiri m'mamawa ndiye mumakhala bata, mphepo n'kumakula dzuwa likamakwera, koma mwera weniweni susunga nthawi.

Kukhala pansi kotereku n'kovuta kwa munthu amene walipira ulendo wautali ndipo ali ndi masiku awiri okha. Mtima umati ndabwera kale, ndalipira kale, ana akuyembekezera. Timaphunzitsa za kudziletsa pa chakudya ndi zakumwa. Pagombe kudziletsa ndiko kubweza nkhafi kwa mwini wake dzuwa likuwala bwinobwino. Za mowa sindikanayenera kutchula m'magazini ino, koma magombe a alendo ali ndi mabala, achinyamata athu amapitako ndi anzawo a kusukulu ndi a kuntchito, ndipo mowa ndi madzi akuya ndi zinthu zimene zatengera ambiri kumanda.

Pali china chimene chinandivutitsa maganizo ku Chembe. Mlendo wopalasa ola limodzi pafupi ndi gombe amavala jekete. Msodzi wopita usiku kutali, m'bwato la mtengo umodzi, m'nyengo yomweyi ya mwera, alibe. Iye sangasankhe kukhala pansi masiku onse amphepo, chifukwa ana ayenera kudya, komanso mwera womwewo umavundula madzi a pansi kum'mwera kwa nyanja n'kukweza chakudya cha nsomba. WHO imati anthu pafupifupi 300,000 amafa pomira m'madzi chaka chilichonse padziko lapansi, ndipo chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo tikayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu. Ambiri ndi ana ndi achinyamata. Mu 2021 bungwe la United Nations linasankha 25 July kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira, ndipo kwa ife tsikuli linagwera pakati penipeni pa mwera. Achinyamata athu a Pathfinder ali ndi maphunziro a kusambira ndi a kupalasa bwato m'mabuku awo. Makalabu angati a mu Blantyre anawatengapo ana kukaphunzira kusambira kwenikweni, m'madzi, ndi mphunzitsi wodziwa? Timawatenga pa maulendo a ku nyanja chaka ndi chaka, basi yodzaza, akuimba njira yonse, ndipo ambiri mwa iwo sanalowepo m'madzi opitirira m'chiuno. Mpingo umene umatha kusonkha ndalama za yunifolomu ndi ng'oma ungathenso kusonkha za majekete khumi.

Nanga kuzizira? Kumaiko kumene masewerawa amachitika m'chisanu chenicheni, madzi enieniwo ndiwo mdani. Abale athu okhala ku Cape Town akudziwa kuti nyanja ya mbali ya Atlantic imakhala pansi pa madigiri 15 nthawi zambiri. Munthu akagwera m'madzi otere amakoka mpweya mwadzidzidzi mosafuna, mtima umathamanga, ndipo akhoza kumira m'mphindi zoyambirira ngakhale ali katswiri wosambira. Kumeneko amavala zovala zampira zothina thupi lonse. Nyanja yathu ndi yachifundo: ngakhale mu July madzi a pamwamba amakhala cha m'ma madigiri 22 kapena 23, ofunda kuposa mpweya wa m'mawa wa ku Limbe. Komabe thupi la munthu ndi la madigiri 37, ndipo madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya. Wokhala m'madzi maola angapo, kapena wonyowa amene akuombedwa ndi mphepo, amazizidwa ndithu, makamaka mwana ndi munthu wowonda. Mwana akayamba kunjenjemera, milomo n'kuda, mutulutseni, mumuvule zonyowa, mumufunditse, mumupatse chakumwa chofunda. Dzuwa nalo lisakunyengeni poti kukuzizira. Pamadzi limawotcha kawiri, kuchokera kumwamba ndi kuchokera pansi. Chipewa ndi botolo la madzi akumwa zisatsale.

Ndikanakhala wosakhulupirika ndikanapanda kunena za likodzo. Ku Cape Maclear lilipo, ndipo madokotala akhala akulemba za malowa kwa zaka zambiri. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi, timatuluka n'kumasambira, ndipo timaboola khungu la munthu popanda iye kumva. Mazira ake amabwerera m'madzi kudzera mu mkodzo wa wodwala, choncho chiopsezo chimakula m'madzi osaya a pafupi ndi midzi ndi m'mabango. Akatswiri ena anaona kuti nkhonozi zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha kusodza mopitirira muyeso. Wopalasa pa thabwa sangapewe kunyowa, popeza amayambira m'madzi osaya omwewo. Chizindikiro chodziwika ndi magazi mu mkodzo, koma ambiri samva kanthu kwa nthawi yaitali pamene chikhodzodzo ndi impso zikuonongeka, ndipo kwa amayi matendawa amagwiranso ziwalo zoberekera. Mankhwala alipo, a praziquantel, koma amapha nyongolotsi zikakula, choncho kumwa tsiku lobwerera kunyumba sikuthandiza. Dikirani masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, kenako pitani kuchipatala, kaya ku Blantyre Adventist Hospital, ku Malamulo kapena chapafupi ndi kwanu, mukanene kuti munasamba m'nyanja. Mlingo wake amayeza ndi kulemera kwa thupi, si wongogula pa okala. Ndipo kumene kuli mabango ndi kumene mitsinje imathirira, monga chakufupi ndi Mangochi pamene Shire amatulukira, ndi kwa ng'ona ndi mvuu. Kumeneko thabwa lisayandikire.

Masana, mphepo ikakula, pali zochita pamtunda. Mungaone amisiri akusema bwato, ntchito imene ikuvuta chifukwa mitengo ikuluikulu inatha ndipo ena atembenukira ku mitengo ya mango. Bwato la pa nyanja ino lili ndi kukamwa kopapatiza, milomo yake yopindikira m'kati kuti mafunde asalowe msanga, ndipo wopalasa amakhala pamwamba pa milomoyo miyendo ili m'kati. Mukapempha mwaulemu ndi kulipira moyenera, msodzi akhoza kukutengani m'mamawa kufupi ndi gombe, ndipo mudzaona kuti kukhala pa bwato osagubuduka n'kovuta kuposa kuimirira pa thabwa la alendo. Kwa banja limene silingakwanitse kubwereka matabwa, kuyenda pamchenga kuchokera kumapeto kwa mudzi mpaka kumapeto ena kumatulutsa thukuta mokwanira.

Pa chakudya, wa Adventist amafunsa mafunso amene ogulitsa nsomba anawazolowera. Levitiko 11 amalola za m'madzi zokhala ndi zipsepse ndi mamba. Chambo, usipa, utaka ndi mcheni zili nazo. Kampango, mlamba ndi bombe zilibe mamba. M'malo odyera alendo nsomba imabwera itachotsedwa kale khungu ndi minga, ndipo kampango ndiye amakonda kuphika chotero, tsono funsani isanafike pa mbale. Osadya nyama sadzagona ndi njala: nyemba, mpunga, mbatata, tomato ndi masamba zimapezeka pamsika wa m'mudzi, ndipo malambe a phala ali paliponse m'nyengo ino.

Lachisanu tinabweza matabwa dzuwa likadali m'mwamba. Mu July limalowa cha m'ma 5:30, ndipo popeza gombe la Chembe layang'ana chakumadzulo, limalowa pamaso panu, kufiira pamadzi mpaka Thumbi atasanduka mthunzi wakuda. Sindikudziwa malo ambiri m'Malawi muno oposa awa potsegulira Sabata. Tinaimba pamchenga titavala majuzi omwe tinavula ku Liwonde aja, chifukwa dzuwa likangolowa kamphepo kamaluma. Usiku umenewo mwera unali utagona. Mdima utagwira, asodzi a usipa anakankhira mabwato m'madzi, nyali zawo zitamangidwa kumbuyo, ndipo patapita ola limodzi nyanja yonse kutsogolo kwa Domwe inali ndi mzere wa magetsi ngati Ndirande ukamuonera ku Soche usiku wopanda nkhungu. Kunkamveka kugogoda kwa nkhafi pa bwato, mmene amaitanirana poponya chilimira, mpaka tinagona.